Nkhumba Zakuda za Mai Keresia

Mai Keresia ndinawadziwira ku mpingo wathu wa ku Winterveld, ndipo choyamba chimene anthu anandiuza za iwo n'chakuti sapatsa munthu nambala ya foni. Ukawapempha amakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako n'kufunsa kuti, "Mukaichite chiyani?"

Anabadwira ku Mhangura, ku Zimbabwe, m'komboni ya pamgodi. Bambo awo anali a ku Ntcheu, anapita ku Mhangurako ali mnyamata kukakumba mkuwa ndipo sanabwererenso kumudzi. Mai Keresia ku Malawi sanapondeko. Chichewa anachiyamwira m'komboni momwemo, chosakanikira ndi Chishona, moti mpaka lero akaiwala nkhumba amaitcha nguruve, ife obadwira kumudzi n'kuyamba taganiza za nguluwe ya m'tchire. Pachiphaso chawo cha ku Zimbabwe panalembedwa kuti ndi mlendo, m'dziko lomwe munakwiriridwa mchombo wawo. Mgodi utatsekedwa komboni inabalalika, ndipo iwo anawoloka Limpopo atabereka mwana wawo Pretty, n'kudzafika kuno ku Joni, kumene anawauzanso kuti ndi mlendo. Moyo wawo wonse akhala akufunsidwa mapepala, choncho munthu akawafunsa funso, iwo amayamba asinkhasinkha za amene wamtuma.

Anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba za amwenye ku Laudium, kuchapa, kusita, kulera ana. Mawondo atayamba kuvuta anasamukira ku Winterveld, kumene Agogo Nomvula, mayi wokalamba wachindebele, anawalola kumanga kanyumba ka malata kumapeto kwa poloti yawo, kuseri kwa mitengo yaminga. Kumeneko ndi kumene anayamba kuweta nkhumba. Yoyamba anaipeza kwa mkulu wina amene ankabwerera kwawo ku chigawo cha Limpopo: yaikazi, yakuda bii, yaing'ono thupi, ya mphuno yaitali ndi ubweya wolimba pamsana. Anaitcha Nachisale. Alimi a nkhumba zoyera ankaiseka kuti ndi galu wosinthika, koma inaswa, ana ake n'kuswanso, khola n'kudzaza. Ankazidyetsa gaga ndi masamba otayidwa a kabichi ochokera kumsika, ndipo kukhola kwawo sankalola munthu kufikako, ngakhale wogula. Wogula ankaima pageti, iwo n'kumubweretsera nkhumbayo.

Chaka chimene chigodola cha nkhumba chinalowa m'Winterveld, makola anatha ngati apsa ndi moto. Nkhumba inkangosiya kudya, makutu ndi mimba n'kufiira, n'kugona osadzukanso. A vetenale a boma ankabwera ndi zovala zoyera, kupha zotsala, kuzikwirira m'dzenje n'kuthira laimu. Kumanzere kwa Mai Keresia khola linatha, kumanja linatha, koma nkhumba zawo zinkangolira njala m'mawa uliwonse ngati palibe chachitika.

Anthu anayamba kulankhula. Kuno amakhulupirira kale kuti Amalawi amadziwa zitsamba, ndiye zinangogwirizana. Akafika pampopi, amayi anzawo ankaleka nkhani. Wina anauza Agogo Nomvula kuti mlendo wawoyo anakwirira chinachake pakhola, chimene chimakankhira imfa kwa anansi.

M'masiku amenewo ndi m'mene pageti panaima baki yoyera, kagalimoto konyamulira katundu. Munatuluka mtsikana wachimwenye, atafunda mpango kumutu, atavala ovolo ndi majombo aatali.

"Odi! Muli bwanji, Amayi?" anatero mtsikanayo.

Mai Keresia anandiuza kuti akanalankhula Chingerezi kapena Chisuthu sakanaopa kwambiri. Koma mmwenye wolankhula Chichewa, wodziwa khomo lawo, ameneyo anali ataphunzitsidwa ndi winawake kuti akole Amalawi. Anaganiza za a imiguresheni.

"Mukufuna ndani?" anafunsa, asakutsegula geti.

"Dzina langa ndine Sumaya. Ndimachokera ku yunivesite. Ndimafufuza matenda a nkhumba." Ankalankhula pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi ngati akuwatola pansi. "Ndamva kuti nkhumba zanu sizinafe."

"Wakuuzani ndani?"

"Anthu a m'dera muno."

"Anthu ake ati?"

Mtsikanayo anazengereza, kenako anayang'ana pafoni yake ngati mmene munali mawu amene anawakonzeratu. "Ndikupempha magazi pang'ono a nkhumba zanu. Tikufuna kuona majini amene ali mwa izo."

Anansi ankangonong'ona, koma uyu anabwera ndi galimoto masana dzuwa likuswa mtengo kudzanena poyera kuti nkhumba zawo zili ndi majini.

"Ine ndine Mkhristu," anatero. "Muno mulibe majini, mulibe ziwanda. Amene wakutumaniyo mukamuuze choncho. Pitani."

Sumaya anayesa kufotokoza m'Chingerezi, koma iwo anali atalowa kale m'nyumba. Anasuzumira pakabowo ka m'lata mpaka fumbi la galimoto litatha.

Panali munthu mmodzi yekha amene Mai Keresia ankamuuza zakukhosi, a Geofrey, bambo wa mumpingo mwathu. Mkati mwa sabata ankasamalira maluwa pa mafulatsi ena ku Arcadia, koma ankakhala mbali ina ya Winterveld, kumene anali ndi nkhumba zoyera zimene ankazidyetsa zotsala za m'malesitilanti. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo akamalankhula Mai Keresia ankamva ngati akumva malemu bambo awo. Chimenechi n'chimene chinawagonetsa tulo.

"Eish, Amayi, amenewo ndimawadziwa," anatero a Geofrey atamva nkhaniyo. "Amayamba ndi magazi. Mawa abwera ndi pepala lonena kuti nkhumba zikudwala, aphe zonse. Kapena aona kuti mtundu wanuwu ndi wolimba, autenge akaugulitse kwa azungu a mafamu. Kumudzi anamapopa ankabweranso chonchi, ndi galimoto yoyera."

"Ndiye nditani, Achimwene?"

"Mbewu ndi Nachisale. Si ali ndi bere? Mubweretseni kwanga abisale kaye. Akapha zinazo, mtundu utsala."

"Nanga kwanuko kuli bwino?"

"Kwanga kulibe vuto. Zonse zikudya."

Lamulungu lotsatira, anthu ali kutchalitchi, a Geofrey anabwereka baki ya mnzawo, anakweza Nachisale n'kumufunditsa masaka.

Sumaya anabweranso Loweruka la sabata yotsatira. Ulendo uno sanayandikire geti. Anaima patali, manja atawagwira kutsogolo ngati mwana wolakwa.

"Amayi, ndabwera kupepesa. Ndinalakwitsa mawu."

Anafotokoza, mosakaniza Chichewa ndi Chingerezi, kuti moni ndi timawu tina anaphunzira kwa Abambo Elson, Mmalawi amene wakhala akusamalira bwalo la makolo ake ku Laudium kuyambira iye ali wamng'ono. Koma mawu aukatswiri anawafufuza yekha pafoni, ndipo foniyo ndi imene inamupatsa majini. Atawauza Abambo Elson zimene ananena, mkuluyo anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anamukalipira.

"Ndimatanthauza chimene mwana amatenga kwa mayi ndi bambo," anatero Sumaya. "Chimene chimachititsa kuti ana a nkhumba yakuda akhale akuda."

"Chimenecho ndi chibadwa," anatero Mai Keresia. Sanafune kumuthandiza, mawuwo anangotuluka okha. "Kapena unene kuti zakumtundu."

"Chibadwa. Zakumtundu." Mtsikanayo anabwereza mosangalala, ndipo chisangalalocho chinawakwiyitsanso Mai Keresia.

"Wati ndiwe wa ku Laudium? Ine ndagwira ntchito kumeneko. M'nyumba zimenezo ngakhale dzina la nkhumba silitchulidwa. Iwe Msilamu ukufuna chiyani m'khola?"

"Sindidya, Amayi. Ndimazipima basi. Mayi anga nawonso samvetsa. Ndikafika kunyumba amandisambitsa panja ndisanalowe."

"Ukapeza matenda m'magazimo utani?"

"Ndidzauza a vetenale a boma. Lamulo limatero."

"Ndipo adzapha?"

"Mwina adzapha."

Mai Keresia ankayembekezera malonjezo okoma, chifukwa aliyense amene anawanyengapo ankayamba ndi malonjezo. Uyu anali atanena chinthu choipa chimene akanatha kuchibisa. Sanamukhulupirire, koma anafuna kuona kumene nkhaniyo ikupita. Anaika malamulo awo: dzina lawo lisalembedwe paliponse, nkhope yawo isajambulidwe, ndipo iwo akhale pomwepo singano ikamalowa.

Sumaya anavomera. Anatulutsa beseni, anathiramo mankhwala, n'kuviika majombo ake asanalowe. Mai Keresia ankagwira nkhumba, iye n'kumatenga magazi pakhosi m'timachubu tating'ono, n'kudulanso kachidutswa ka khutu kochepa ngati njere ya mapira. Atafika pachipinda cha Nachisale anaima. Munalibe nkhumba, koma udzu wogonera unali usanachotsedwe.

"Ya muno ili kuti?"

"Ndinagulitsa."

Sumaya anawayang'ana pang'ono, osafunsanso. Akuvula magolovesi anati, "Amayi, chonde, pakadali pano nkhumba isatuluke, ina isalowe. Matendawa alibe mankhwala, alibe katemera. Amayenda m'nsapato, m'matayala, m'zakudya zotsala zimene muli nyama ya nkhumba. Ndipo anthu ambiri zikafa sanena, amangokwirira."

Galimoto itangochoka, Mai Keresia anamanga mpango n'kuuyamba wa kwa a Geofrey, osawaimbira. Asanafike pakhola anamva fungo. Kuseri kwa chimbudzi kunali milu ya dothi, ina yaiwisi, ina youma kale udzu utayamba kumera. Nkhumba zoyera zotsala zinali zitaunjikana pakona, makutu ofiira. Nachisale anali atagona payekha, atataya ana ake osakhwima, magazi akutuluka m'mphuno. Atamuitana anangogwedeza khutu.

A Geofrey anatuluka m'nyumba akumanga lamba.

"Achimwene, milu iyi ndi ya liti?"

"Aa, zimenezo zinafa ndi kutentha."

"Munandiuza kuti zonse zikudya."

A Geofrey anayang'ana kumbali. Kenako ananena zimene zinali mumtima mwawo. "Anthu onse akuti inu muli ndi mankhwala. Ndimati nkhumba yanu ikagona muno, mphamvuyo itchinjiriza zanganso. Nanga ndi mankhwala anji amene amangogwira pakhomo panu pokha?"

Mai Keresia analowa m'khola, anagwada, n'kumusisita Nachisale pamsana. Maganizo oyamba anali oti apeze wilibala amutengere kunyumba akafere kwawo. Atadzuka anaona nsapato zawo zitadzaza ndowe. Anazivula, anazisiya pomwepo, n'kuyenda wapansi ulendo wonse pamchenga wotentha. Atafika pageti sanalowe. Anakuwira Agogo Nomvula kuti awabweretsere ndowa ya madzi, jiki wophera tizilombo ndi chitenje, ndipo anasamba kuseri kwa chitsamba, zovala zonse n'kuziwotcha pamsewu. Agogowo ankangoyang'ana, ndipo mmene dzuwa linkalowa nkhani inali itafala kuti Mmalawi uja wayamba kusamba mankhwala masanasana.

Sumaya anali atasiya kakhadi ka nambala yake pamtengo wa geti. Mai Keresia anakatenga, anakatembenuza kangapo, kenako anaimba.

"Sindinagulitse," anatero. "Ili kwa munthu wina, ndipo kumeneko zikufa."

A vetenale a boma anapita kwa a Geofrey. Anapeza Nachisale atafa kale, ndipo anapha zoyera zonse zotsala. Khola la Mai Keresia analiika pa chiletso, nkhumba osatuluka, ndipo ankabwera kudzaziona. Nthawi iliyonse akamva galimoto, Mai Keresia ankabisa chikwama cha mapepala awo pansi pa thumba la gaga. Palibe amene anawafunsa mapepala. Iwo anati mwina akudikira kuti ayambe aiwala.

A Geofrey anayenda khomo ndi khomo kunena kuti Mai Keresia ndi impimpi, kazitape wa boma, kuti anagulitsa m'bale wawo kwa amwenye. Ena amene dzulo ankati ndi mfiti, lero anati ndi kazitape, ena ankanena zonse ziwiri. Kumpingo abusa anayesa kuwayanjanitsa, koma a Geofrey anasamukira ku mpingo wina.

Patapita milungu Sumaya anabwera ndi zotsatira. M'magazi munalibe matenda, ndipo munalibenso chizindikiro choti nkhumbazo zinakumanapo nawo. Zinapulumuka, koma osati chifukwa cha kulimba. Matenda sanafike kuseri kwa mingako, chifukwa kunalibe mapazi a alendo ndi zotsala za m'malesitilanti.

"Ndiye kuti si zamphamvu?" anafunsa Mai Keresia.

"Mwaona nokha zimene zinachitikira Nachisale."

"Nanga makutu aja munadula, mukufuna chiyani?"

"Nkhumba zakuda zoterezi zikutha, Amayi. Anthu akuzisakaniza ndi zoyera. Tikufuna kudziwa kumene zinachokera, ndiponso ngati m'chibadwa chawo muli china chothandiza pa matenda kapena pa kutentha. Zitenga zaka. Mwina sitipeza kanthu."

"Mukapeza, mwini wake adzakhala ndani?"

Sumaya anati funso limenelo sangaliyankhe yekha, akafunsa akuluakulu ake. Mai Keresia anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza pamene pabisala njoka.

Koma mtsikanayo anali ndi pempho lina. M'Winterveld ndi madera ozungulira muli Amalawi ambiri osunga nkhumba, ndipo zikalata za boma zochenjeza za chigodola zinali m'Chingerezi ndi m'zilankhulo za kuno. Iye ankafuna kuphunzira Chichewa cha m'khola, chimene Abambo Elson, munthu wa maluwa, sankachidziwa bwino. Mai Keresia anavomera pa chifukwa chawochawo. Anandiuza kuti munthu wokayikitsa ndi bwino kumuika pafupi, pamene ukumuona.

Choncho Loweruka lililonse Sumaya ankakhala pa kreti kunja kwa geti, Mai Keresia pa mpando mkati, waya pakati pawo. Anamuphunzitsa kuti nkhumba siibereka, imaswa. Kuti gaga si ufa. Kuti kufula n'kosiyana ndi kupha. Kuti munthu wamkulu sumuuza kuti "usachite", umati "musachite", ngakhale akulakwitsa. Sumaya ankavutika ndi mawu oyamba ndi ng', ndipo ankati "ngombe", Mai Keresia n'kumubwerezetsa mpaka misozi. Naye Sumaya ankawaphunzitsa kuwerenga Chingerezi cha pamabotolo a mankhwala a ziweto ndi cha m'zikalata za a vetenale. Mai Keresia ankamupatsa botolo lomwelo kawiri, masabata osiyana, kuti aone ngati anena zofanana. Kenako ankajambula botololo n'kutumizira Pretty, amene tsopano ndi wamkulu ndipo amagwira ntchito m'sitolo m'tauni, kuti naye awerenge. Zonse zinkafanana.

Loweruka lina Sumaya anabwera ndi Abambo Elson. Awiriwo anakangana tsiku lonse. Abambo Elson anati Chichewa cha Mai Keresia chadzaza Chishona, mwana aphunzira zosokonekera. Mai Keresia anati Chichewa cha Abambo Elson n'cha pa wailesi, nkhumba sizingachimve. Pamapeto anagwirizana mawu a uthenga waufupi wochenjeza alimi, ndipo Sumaya anapempha kuti Mai Keresia aunene iye ajambule mawu pafoni, chifukwa alimi sangamvere mmwenye.

Anakana. Mawu a munthu, anatero, ali ngati chala chodinda. Anakana mpaka nyengo ya mvula inadutsa. Anasintha maganizo atamva kuti Mmalawi wina wa ku Mabopane watsitsa mtengo wa nyama ya nkhumba zake zodwala n'kuigulitsa m'misewu, ndipo makola ena atha. Anajambulitsa, popanda dzina. Uthengawo unayenda m'magulu a pafoni a Amalawi mpaka unafika kwa ine kuchokera kwa mlamu wanga wa ku Atteridgeville. Mawu a mayi wachikulire ankati: nkhumba ikafa musadye, musagulitse, musabise, zotsala za kumalesitilanti musapatse nkhumba, mlendo, ngakhale m'bale wanu wa magazi, aime pageti. Ife a mumpingo tinawazindikira nthawi yomweyo. Nditawafunsa anati sakudziwa chimene ndikunena.

Lero khola lawo ladzazanso, ndi zidzukulu za Nachisale. Pageti pali beseni la mankhwala, ndipo amene akufuna nkhumba yawo yaimuna kuti ikwere zazikazi zake amabwerera chimanjamanja, ena akutukwana. Pampopi amayi ena anayambanso kuwapatsa moni, ena ayi.

Tsiku lina ndinawafunsa ngati tsopano amamukhulupirira Sumaya.

"Mwana uja sanandinamizepo," anatero. "Koma yunivesite si iye yekha. Magazi a nkhumba zanga ali kwa anthu amene sindiwadziwa."

Anaumirira kuti akaone kumene amasungidwa, mpaka Sumaya anawapezera chilolezo. Anavala diresi ya kutchalitchi, anakwera teksi, ndipo kumeneko anawaveka chikhoti choyera n'kuwalowetsa m'chipinda chozizira. Anawatsegulira firiji yaikulu yofuka nthunzi, n'kuwaonetsa bokosi la timachubu. Pa timachubuto panali manambala okhaokha, dzina lawo panalibe. Anafunsanso funso lawo lija la umwini kwa mkulu wa pamalopo, mzungu wa imvi, ndipo iye anayankha kuti nkhani zotere zili ndi malamulo ake, awatumizira pepala lofotokoza.

Ndinakumana nawo akutsika teksi madzulo a tsikulo, ndipo ndinawafunsa kuti zayenda bwanji.

"Ndaona," anatero. "Magazi alimo ambiri, si anga okha. Ena ndi a ku Limpopo, ena a ku Mozambiki. Koma makiyi a chipindacho sakhala ndi Sumaya, amakhala ndi mzunguyo. Ndipo poyankha ankayang'ana Sumaya, osati ine."

Pepalalo linabweradi, lili ndi malo oti Mai Keresia asainepo kuvomereza malamulowo. Mai Keresia analiwerenga okha mpaka pamene Chingerezi chawo chinathera, kenako analipereka kwa Pretty, kenako kwa abusa, aliyense payekha, osamuuza kuti wina waliwerenga kale. Sanasainebe.